Ndatsuka Utawaleza wa Madam Farida

Lolemba, 3 Malichi

Kambale kali pashelefu, pakati pa Baibulo ndi digiri yanga. Ndi kagalasi, ka nthawi ya Aroma, kukula kwake ngati chikhatho. Mwambo wa kalabu ya otolera magalasi akale ndi uwu: wofuna kulowa amamubwereka kanthu sabata yathunthu, Loweruka n'kukanena zomwe waona. Akakhutira, ndiwe membala. Madam Farida, wapampando, anafotokoza zambiri dzulo, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Anandipatsanso kabuku. Timasamba tisanu, kwa munthu wa ku yunivesite? Ndidzawerenga.

Lachiwiri

Ndikuona, monga anandiuzira. Zomwe ndaona:
nkhanambo zobiriwira,
utawaleza ngati wa mafuta pamadzi a m'ngalande,
dothi.
Anthu olemera chonchi, ukhondo ayi! Amayi akanakomoka. Kwathu mbale yobwereka sibwerera yakuda, ndipo sibwerera yopanda kanthu.

Lachitatu

Ndakaviika m'madzi ofunda a sopo. Zikusendeka zokha! Timamba tonyezimira tikuyandama. Mulenga, nesi wa ku Zambia amene timagawana fulati kuno kwa Aarabu, ku Al Mankhool, akusuzumira: "Mudala, uli sure?" Nesi angadziwenji za mbiri yakale?

Lachinayi

Ndakakwecha ndi sitiliwulu. Mbee! Ndagula mtedza woti ndiikemo. Mulenga: "Yaoneka monga zija za pa grocery pansi apa." Nsanje basi.

Lachisanu

Ndatsegula kabuku. Tsamba loyamba, zilembo zazikulu. Utawaleza uja umabwera galasi likagona m'dothi zaka mazanamazana. Ndi umene akatswiri amasirira. Madzi asakhudze.

Ndamasula paipi ya sinki kufuna timamba tija. Ndapezamo mpunga.

Zomwe ndayesa:
mafuta ophikira, akungotsetsereka;
utoto wa zikhadabo, kakuoneka ngati kakupita ku ukwati, ndapukuta;
kukakwirira mumphika wa maluwa pabalikoni.
Mulenga: "Uzakafukula after two thousand years, inshallah."

Loweruka

Chipinda cha hotelo ku Festival City. Aliyense magolovesi oyera. Ndivundukula. Mtedza ndaikamo ndithu, manja anachita okha. Dokotala wina wa ku India avula magalasi ake, apukuta, avalanso. Sizikusintha.

Madam Farida akukatembenuza moyang'anitsa kuwala. "Habibi, mwana wanga, aka tinagula ndi malemu amuna anga."

Ndikupempha nthaka ing'ambike, koma pansi ndi kapeti. Zomwe ndinakonza kunena za Aroma zathawa. Ndikungofotokoza za amayi ndi mbale yobwereka ngati wogwidwa akubera mayeso. Digiri sindinaitchule.

Madam atola mtedza umodzi. Atafuna nthawi yaitali kuposa mmene mtedza umafunira. "Khalas." M'Chiarabu ndiye kuti zatha. Sindikudziwa ngati chatha ndi msonkhano kapena ine.

Lamulungu

Uthenga pagulu la pafoni. Andilandira.

Kambale kazikhala m'kabati ya kalabu ndi chikwangwani chake, kuti watsopano aliyense aziyamba waona. Wofotokoza nkhani yake ndine, nthawi zonse, nditaimirira. Madam awonjezera kuti amayi anandilera bwino, kungoti anapyoletsa.

Komiti, poona luso langa, yandipatsanso udindo: makapu a tiyi tikatha msonkhano. Ndayankha kuti shukran, zikomo wa Chiarabu.

Atsindika kuti ndizibwera ndi siponji yokha.