Thovu pa Chinkhoswe cha Achemwali

Kwathu munthu akangotchula sefa, ena amayamba kutsokomola mwadala. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Pakhomo pathu, kufupi ndi Ngabu, pali chitsime. Madzi osefukira atalowamo chaka china, ababa anagula makina. Pampu imakoka madzi, amadutsa m'masefa awiri, kenako m'chitsulo chokhala ndi nyale ya UV yopha tizirombo. Nyaleyo imafuna madzi oyera, chifukwa akakhala amatope tizirombo timabisala kuseri kwa matopewo n'kupulumuka. Izi ndinkazidziwa. Zoti masefa awiriwo ndi osiyana ndiye sindinkadziwa.

Sabata ya chinkhoswe cha achemwali anga mvula inagwa, madzi a m'chitsime n'kusanduka ngati tiyi wamkaka, masefa akale n'kutheratu. Ababa popita kutali kukatenga mbuzi ya chinkhoswe anangoti, "Iwe, ukagule masefa awiri pa Ngabu. Udzaike monga umandionera." Amayi anali atauza kale akuchimuna, ochokera ku Makhanga, kuti kwathu timamwa madzi oyeretsedwa ndi magetsi, onga a m'botolo. (Amayi sadzitama kawirikawiri, koma akayamba sasiyira panjira.)

Mushopu, mayi wogulitsa anandiyalira mitundu iwiri. Ina ya waya, timabowo tooneka ndi maso. Ina yoyera, yothinana ngati thonje la m'belo.

"Mukufuna iti, asisi? Madzi anu ndi otani?"

Kumbuyo kwanga kunali anthu, ndipo ine pagulu mawu amandithawa. Ndinaganiza za ufa: sefa ikakula mabowo, amayi amaitaya. Ndinaloza yoyera ija. "Ziwiri."

"Zonse za mtundu womwewu?"

Ndinavomera ndi mutu. (Funso limeneli ndinalilemba m'kope langa kuti ndione ngati linali chenjezo. Linali chenjezo.)

M'mawa wa chinkhoswe ndinaika masefa aja mosamala. Madzi anatuluka oyera mbee, ndowa n'kudzaza. Kenako anayamba kuchepa, mpaka kumadontha ngati misozi yochita kukakamiza. Sefa yakutsogolo inali itafiira, itatsekeka ndi matope. Dzuwa likuswa mtengo, alendo akutsika pa kabaza, aliyense akupempha madzi.

Apa munthu wanzeru akanaitana amayi. Ine ndinachita zimene ndimachita ndi masokosi oyera a kusukulu. Ndinaichotsa sefayo, kuipaka sopo, kuikwecha ndi burashi, kuipakanso, mpaka inayera. Ndinaitsukuluza (ndithu ndinaitsukuluza) n'kuibwezera.

Madzi anayambanso kutuluka. Ndinathira mujagi, n'kukagwada pamaso pa ankhoswe a kuchimuna, bambo achikulire a ndevu zambiri zapamlomo. Nditapereka kapu ndi pamene ndinaona thovu pamwamba pake.

Iwo anayang'ana kapu, n'kuyang'ana amayi.

"Imwani, bambo," anatero amayi akumwetulira chapatali. "Madzi athu a magetsi aja ndi amenewo."

Munthu waulemu, anamwa onse.

"Pyadidi," anayamikira m'Chisena, thovu lili pandevu. "Magetsi ake ndi amphamvu. Ndikumva ngati andichapa m'kati."

Mlongo wawo analanda jagi, analawa, n'kulavula. "Achimwene, mwamwa sopo inu!"

Anthu anaseka mpaka ena kutsamira anzawo. Achemwali anadziphimba ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Amayi okha sanaseke. Anandiyang'ana, ine ndidakagwadabe, chifukwa sindinkadziwa kuti munthu amadzuka bwanji pa zoterezi.

Ababa atafika ndi mbuzi anamva nkhaniyo kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Anapalasa njinga okha kupita pa Ngabu, n'kubwera ndi sefa ya waya ndi yoyera yatsopano, poti zanga zonse zinali zikununkha sopo. Akumanga anandiuza osakweza mawu: "Yamabowo aakulu iyambe, igwire matope. Yothinanayi imalize. Ndipo yoyerayi sachapa, mwanawe. Ikada, yatha."

Madzi anatuluka oyera mpaka alendo onse anakwanira. Amayi anakaperekanso kapu okha, osanenapo za magetsi, ndipo chinkhoswe chinatheka.

Ankhoswe aja akabwera kwathu masiku ano amati, "Mwanangu, ndigaireni madzi, koma osati ochapa m'kati aja." Za masefa ndazidziwa tsopano. Kufunsa kokha ndiye sindinaphunzirebe. Ndimafunitsitsa kudziwa ngati m'mimba mwawo munali mtendere tsiku lija paulendo wa ku Makhanga, koma ndikawaona ndimangogwada, kupereka kapu, n'kuyang'ana pansi.