Netiweki ya pa chiliza

Nkhaniyi kumudzi kwathu ku Zomba ana amaisewera mpaka pano, wina kukhala ine, wina kukhala amalume. Ndiye bola muimve kwa mwiniwakene.

Ine ku Joni ndinabwera ndili wamng'ono, ndakulira ku Primrose, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene amayi amagwirako ntchito. Zokonza mafoni ndinadziphunzitsa ndekha. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, atamwalira, amayi sakanatha kupita. Pasipoti yawo inali itatha, akanatuluka sakanabwereranso. Pondikweza basi anandigwira dzanja: "Ukandionetse pa vidiyo bambo anga akutsika. Chokhacho basi."

Maliro omwe ndinkawadziwa ine ndi a ku Ramaphosa, komboni ina ya ku Joni konko: kutchena, magalasi akuda, aliyense foni m'mwamba. Ndiye ndinafika choncho, nsapato zoyera mbee. Wakabaza ataona masamba pamsewu anatsika n'kuyamba kukankha njinga. Ine phee pa kaliyala, kepisi kumutu, kumadabwa kuti tayala laphwa kapena (munthu akukankhidwa ngati thumba la chimanga kudutsa anamalira, tangoganizani).

Pa siwa ndinawakumbatira azakhali n'kunena mokweza kuti, "Muli bwanji, shapu?" Anangondichotsa manja pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Koma zenizeni zinali kumanda. Bokosi lafika, nyimbo yayamba, netiweki njee. Ndinayamba kuyendayenda foni ili m'mwamba, maso pa timizere, mpaka ndinakwera kasimenti kena kotukuka pang'ono, masamba atakakwirira. Timizere tiwiri. Amayi anayankha, atakhala pansi m'kachipinda kathu, atavala duku lakuda.

Nyimbo inazilala. Anthu onse akuyang'ana mapazi anga.

Amalume, achimwene awo a amayi, anabwera osathamanga. "Mphwanga, ukudziwa amene wawapondawo?"

"Netiweki ikugwira pano pokha, amalume."

"Amenewo ndi agogo ako aakazi."

Ndinadumpha ngati ndaponda moto, masamba aja n'kumwazika, foni n'kuyang'ana pansi. Isanaduke, amayi analiona dzina lolembedwa pa simentipo. Dziwani kuti kumaliro a amayi awo sanapitenso. Chilizacho anamangitsa ali ku Joni, koma anali asanachionepo. Mawu awo anamveka manda onse, poti sipika ndinali nditaikweza mpaka kumapeto (ine ndemwe): "Amayi ali pamenepo?"

Kenako inaduka.

Ndinkadikira mbama. Amalume anandilanda foni, anagwada pambali pa chiliza, n'kutambasula mkono pamwamba pake osachikhudza. "Dina pomwe umadinapo," anatero. Inalumikiza.

"Achemwali, musalire panokha. Onani, bambo akugona pambali pa amayi."

Munthu wamkulu uja anakhala chigwadire, mkono uli chitambasulire, mpaka bokosi linatsika, dothi loyamba n'kuthiridwa. Azimayi anayambanso nyimbo ija, ndipo ka mawu ka amayi kankamveka m'foni kakuyimba nawo, mochedwa pang'ono.

Pobwerera amalume anandibwezera foni osandiyang'ana. "Kepisiyonso uivule," anangotero. Nthawi yonseyi inali kumutu.

Nditabwerera ku Primrose, amayi sananditchulire za chiliza ngakhale kamodzi. Anangozichapa nsapato zija n'kuziyanika padenga. Foni sindinasiye, ndisaname. Koma masiku ano netiweki ikathawa, ndisanakweze dzanja, ndimayamba ndayang'ana pomwe ndaponda.