Dzatengeni Mwana Wanu Wamkazi Amene Ali M'galimoto Mwanga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Yendani Bwino Motors,
Uko ku Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndavula chipewa, ndawomba m'manja katatu. Ine ndine Timothy Chikadza wa kumtunda kwa Kasakula, m'boma la Ntchisi, munthu wosadziwa chilembo ngakhale chitandipatsa moni panjira. Akundigwirira cholembera ndi a Benjamini, aphunzitsi opuma, ndipo tapangana kuti alemba monga ndikulankhulira. Akuti ndifupikitse. Ndawauza kuti nkhani ya ukwati saithamangira.

Inde Bwana, ya ukwati. Dekhani, tifikako.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Chaka chatha mwana wanga Kondwani, amene ali ku Joni, anagula kwa inu galimoto yoyera mbee, kuti mayi ake, akazi anga a Susana, asamavutike ndi bondo pa zitunda zathu zino. Bwana, Mulungu akudalitseni. Bondo lija linachira. Linalimba ngati mtengo wa muwanga, pakuti m'dera lonse lino mulibe mayi amene wakankha galimoto mitunda yambiri kuposa a Susana. Zimene achipatala analephera zaka zisanu, inu munazitha miyezi itatu.

Tsono ndili ndi timadandaulo ting'onoting'ono, toti munthu wamkulu ngati inu angathe kuwerenga akutokosa m'mano.

Choyamba. Galimoto yanu siilira pokhapokha aikankhire kumtsetse. Mwayi wake ife timakhala pamwamba pa phiri, ndiye maulendo anga onse ndi otsika. Abale a kumunsi atopa nane, a kumtunda akuti ndayamba kunyada. Pobwerera imabwera mwaulemu, ikukokedwa ndi ng'ombe za aneba anga a Jamal. Ng'ombezo tsopano zikangoona chinthu choyera, ngakhale nsalu yoyanika, zimathawira kudambo.

Chachiwiri. Matenda ake amalandirana ngati anthu a chipereganyu. A Rajabu, makaniko athu a pa Boma, akakonza mabuleki, nyali zimafa. Akadzutsa nyali, zenera limakana kutseka. Atakonza zenera, hutala inayamba kulira yokha ndikakhotera kumanzere, ndipo mpaka lero siinasiye. Njira ya kumanda kwathu, Bwana, imakhotera kumanzere. Tsiku loika mlamu wanga ndinalowa pamaliro ngati ndanyamula akwati. A Rajabu, amene ndi Msilamu wopemphera kasanu pa tsiku, anapukuta m'manja n'kundiuza kuti, “A Chikadza, iyi yapitirira sipanala. Kayeseni kwa abusa anu.”

Chachitatu. Pambali pa chiwongolero pali kagalasi kowala, koonetsa buluu yekhayekha ndi kamuvi pakati. Kondwani anati amenewo ndi mapu a kwawo kwa galimotoyo, ndipo akunena kuti tili pakati pa nyanja yamchere. Ndabadwira pano, mano andithera pano, sindinadziwe kuti ndimalima mbatata ya kachewere m'nyanja. Zikomo potitsegula m'maso. Mwina n'chifukwa chake siyenda pamsewu: munatigulitsa bwato.

Zonsezi ndikanapirira, pakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma chachinayi ndicho chandilembetsa kalata.

M'galimoto muja muli mkazi.

Ndikangopotokola kiyi, injini ilire isalire, mumamveka mawu a mtsikana, osalala ngati mafuta a nsatsi, akulankhula chinenero chachilendo, ndipo pomaliza amatsitsa mawu ngati akugwada. Chilichonse m'galimoto muja chinafapo, koma iyeyu sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Tsiku loyamba a Susana anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Ameneyu ndani?” Ndinati sindikumudziwa. Iwo anati, “Simukumudziwa, koma akukupatsani moni wogwada?”

A Rajabu anamufufuza pansi pa mipando, m'zitseko, mpaka kuseri kwa batire, osamupeza. Anati ndi wa ku Japani, ndipo akudandaula kuti sanamupatse khadi. Ine pofuna mtendere ndinamuonetsa chiphaso cha unzika. Anabwereza zomwezo. Ndinamuonetsa khadi ya ubatizo, ya sikelo ya Kondwani ali wakhanda, ngakhale ya katemera wa galu. Zomwezo. A Susana anaima pakhonde manja ali m'chiuno, nati, “Musadzipusitse, bambo a Kondwani. Pepala limene mkazi amafunsa mwamuna m'mawa uliwonse ndi limodzi basi. Akufuna mtchatho wa ukwati ameneyo.”

Chachisanu, ndipo apa a Benjamini alembe ndi zilembo zazikulu. Sabata ziwiri zapitazo kunali msonkhano wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwathu, ndipo a Susana ndiwo ankayambitsa nyimbo. Anavala bulauzi yoyera yosita ndi makala, duku lili ngwee. Mvula inali itagwa. Galimoto inakana monga mwa mwambo wake, iwo n'kutsika kukakankha monga mwa mwambo wawo. Itafika pa mtsetse inadzuka modzidzimuka, tayala lakumbuyo n'kuwathira matope kuyambira kuduku mpaka kunsapato. Ndinaponda buleki, koma sabata imeneyo inali nthawi ya mabuleki kudwala. Ndinapotokola kiyi kuti ndizimitse, injini inakana, m'malo mwake mtsikana uja anayamba moni wake, zenera lili pululu, amayi onse opita kumsonkhano akumva. Pa mtengo wa mkuyu njira imakhotera kumanzere. Hutala inalira.

Ndiye taganizani chimene mudzi unaona, Bwana. Mkulu wa mpingo, wa imvi, wasiya mkazi wake m'matope, akutsetsereka ndi mkazi wina, akuimba hutala.

Ndinakaima m'dimba la kabichi la a Jamal. Pamene ndimafika kunyumba wapansi, a Susana anali atamanga kale katundu, atapita kwa alongo awo ku Madisi. Takhala m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Njala ya chaka chija tinadya limodzi zitsa za nthochi, sanachoke. Tinaika ana awiri m'manda, sanachoke. Wawachotsa ndi mwana wanu. Uthenga umene anatumiza kudzera kwa ankhoswe ndi wamfupi: nyumba imodzi, mawu a mkazi mmodzi, akachoka mnzangayo, ndibwera.

Mpingo nawo wandiitana ku bwalo la akulu Loweruka likubwerali, mlandu wake wa mitala. Abusa athu, munthu wachilungamo, anabwera kudzadzionera okha. Anakhala pampando wanga, napotokola kiyi. Mtsikana uja anawapatsa moni womwewo, wogwada. Anatuluka msanga, nayang'ana uku ndi uku, nandipempha kuti zimenezi Mayi Busa asamve.

Musaseke, Bwana, a Benjamini aseka kale mokwanira tonse. M'nyumba muno muli zii. Ine ndine munthu wa nkhani, ndimakamba kuyambira tambala mpaka nkhuku kulowa, ndipo zaka zonsezi pakhala munthu mmodzi wondidula pakamwa kuti, “Bodza, sizinatero,” kenako n'kuseka yekha kuseri kwa nkhokwe. Tsopano ndikanama palibe wonditsutsa, ndipo bodza lopanda wolitsutsa silikoma. Dzulo masana ndinapezeka ndakhala m'galimoto muja, ndikupotokola kiyi kuti ndingomvako mawu a munthu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti a Susana sanalakwitse kwenikweni, ndipo ndinaitanitsa a Benjamini ndi cholembera chawo.

Ndagonja. Galimoto yanu ndaileka.

Koma kwathu kuno mkazi sitipirikitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Amabwezedwa m'manja mwa eni ake, pamaso pa ankhoswe. Ndafunsafunsa, ndipo onse akuti amene munamutenga kwawo, n'kumuwolotsa nyanja, n'kudzamutula pakhomo panga osandiuza, ndinu. Ndiye ankhoswe ake ndinu, Bwana. Mlandu ndi iye ndilibe. Ndi mwana waulemu, woleredwa bwino, sanandinyozepo, ndipo pa kampani yanu yonse ndi yekhayo amene amagwira ntchito tsiku lililonse. Kungoti sitinamvane chinenero.

Pempho langa, ndikadali chogwada, ndi ili. Bwerani Lachisanu, bwalo la mpingo lisanakhale, mudzamutenge pamaso pa ankhoswe a kwa a Susana, amene adzachokera ku Madisi kudzaona ndi maso awo. Mudzamutenge ndi katundu wake yense: matayala anayi, hutala, nyanja yake ija, ndi jeke yemwe. Sindisunga ngakhale nati imodzi, kuopa kuti angadzabwerere kuti anaiwala kanthu. Nkhuku imene ikufungatira pampando wakumbuyo ndiisamutsa ndekha. Mukamupezere mwamuna wa kuchigwa, kopanda zitunda, wokhala ndi khadi imene akufunayo. Ng'ombe zokokera mubwere nazo, za a Jamal zakana.

Njira ndi yosavuta. Mukafika pa Boma mudzafunse kwa mkulu uja anathawa ndi mkazi wa ku Japani, aliyense adzakulozerani. Ndikukulangizani mukwere kabaza. Koma ngati ulemu wanu sulola, ndipo mukufuna kubwera pa galimoto yochokera pabwalo panu pomwepo, nyamukani lero lomwe kuti Lachisanu likupezeni muli pafupi. Ndipo chonde, Bwana, ngati mumawakonda, amayi akunyumba muwasiye. Okankha mudzalembe aganyu.

Ndine wanu wotsikitsitsa, pakuti kutsika munandiphunzitsa ndinu,

Timothy Chikadza,
mwamuna wa mkazi mmodzi.
Chala changa ndi ichi, ndadinda ndi oilo wa galimoto yanu, amene amadontha mosavuta.