Tsiku Limene Ndinayendetsa Sitima M'nkhalango ya Chikangawa

Nkhani iyi ndakhala ndikuikana kwa zaka zambiri, koma ku Mzimba alipo anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola pobisa phwete. Basi ndingoulula.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina pafupi ndi Boma. Ndinali nditangofika kuchokera kwathu ku Ntcheu, tayi pakhosi, ndikudziona ngati wodziwa zonse. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, a Nyirenda, mkulu wa mpingo, anandikokera pambali. Mwana wawo Yotamu ankaphunzira zoyendetsa sitima za panyanja ku koleji, koma anali atalephera masamu. Anamupatsa mwayi umodzi wobwereza. Akalepheranso, abwerere kumudzi kudzagwira khasu.

"Asambizgi, ndapota, muthandizeni pa tchuthi pano," anatero, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka.

Ndinavomera msangamsanga. (Sitima ndinali ndisanakwerepo. Ndinangoiona pa kalendala.)

Sabata yoyamba tinathera pa bolodi: ngodya, madigiri, mitunda. Yotamu, munthu wofatsa, ankakopera zonse koma palibe chinkalowa. Ndinagamula kuti vuto ndi choko.

"Masamu a sitima saphunzira munthu atakhala pa benchi," ndinamuuza. "Mawa tikachita zenizeni."

Nyanja ku Mzimba kulibe, koma ndinaona kuti nkhalango ya Chikangawa ingalowe m'malo: kulikonse ungayang'ane ndi paini yekhayekha. Tinakwera lole ya matabwa m'mamawa. Titatsika ndinakoleka jekete langa pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, nkunena kuti limeneli ndiye doko lathu. Tiyenda mbali zitatu motsata kampasi, tikuwerenga mapazi, ndipo masamu atibweza pa jekete pomwepa.

Pakhosi ndinali nditakoleka kawailesi kanga kamene sindinkasiyana nako. Kampasi ndinaigwirira pamimba, pansi pa kawailesiko.

"Asambizgi," anatero Yotamu motsitsa mawu, "kodi wailesiyo siikoka singano ya kampasi?"

"Kodi walephera mayeso ndani pakati pa iwe ndi ine?"

(Mawu anga amenewo ndimawamvabe m'makutu ndikamameta ndevu.)

Tinatha mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Jekete kulibe. Ndinati mwina mapazi anga ndi aatali, tiwonjezere pang'ono. Tinawonjezera. Kenaka chifunga cha ku Chikangawa chinatsika masanasana, ndipo msewu womwe sitinkaumvanso. Ndinapitiriza kulemba manambala mwamphamvu kuti Yotamu asaone kuti tasochera.

Tili choncho, m'chifungamo munatuluka bambo wamtali wovala majombo, chikwanje kumanja. Anali mlonda wa nkhalango, komanso wapampando wa Chipani kudera limenelo.

"Makhadi a Chipani," anatero.

Yotamu anatulutsa lake. Langa linali m'thumba la jekete.

"Nanga jeketelo lili kuti?"

"Ndi limene tikufunafunali, bambo."

Anandilanda pepala nkuliyang'ana nthawi yaitali: mivi, mizere, manambala. "Mapu awa ndi a chiyani? Wakutumani ndani?"

Amene munalipo masiku amenewo mukudziwa kuti funso lotere linkatha kumutengera munthu kumalo kumene abale ake sakanayerekeza kukamufunsa. Ndinayankha chimene chinabwera.

"Tikuyendetsa sitima, bambo."

"Sitima. M'phiri muno." Anapinda pepalalo nkuliika m'thumba. "Tiyeni ku ofesi."

Apa Yotamu anagwada nkuwalankhula m'Chitumbuka mwaulemu kwambiri, kenaka anatembenukira kwa ine. "Asambizgi, mundibwerekeko wailesi." Anaipereka kwa mlonda uja nkumupempha kuti asunthe nayo mapazi angapo. Singano ya kampasi inatembenuka tonse tikuona. Atabwera nayo pafupi, singano inamutsata ngati galu. Mlondayo anabwereza katatu, akuoneka kuti zamusangalatsa.

"M'wailesi muli maginito, adada," anafotokoza Yotamu. "Pa sitima ndi chinthu choyamba chimene amatichenjeza."

Anapempha pepala lija, nkuliyala pa bondo. Anawerengera madigiri amene singano inatinamiza, nkukonza mbali zonse zitatu imodziimodzi. Anali masamu omwe aja ankamukanika pa bolodi, koma tsopano pensulo inkachita kuthamanga. Atamaliza anatsogola, mlonda pakati, ine pambuyo nditanyamula wailesi patali ngati chinthu chonunkha. Ola lisanathe tinatulukira pa msewu, jekete lili apo, litanyowa.

Mlonda anayang'ana khadi langa mbali zonse ziwiri. "Mbwenu mwapulumuka," anatero. "Koma ndifunseko. Pa awirinu, msambizgi ndi uti?"

Ndinamupempha Yotamu kuti asauze munthu. Iye sanauze, koma mlonda anauza dalaivala wa lole, ndipo madalaivala mukuwadziwa.

Yotamu anakhoza mayeso aja. Atabweranso kutchuthi, a Nyirenda anafika naye kwanga tambala ali m'khwapa.

"Yewo chomene, asambizgi. Anthu akuyankhula zambiri, koma mwana wandifotokozera. Akuti munadzisocheretsa dala kuti iye aganize yekha. Aphunzitsi a ku koleji nzeru imeneyi alibe."

Ndinayang'ana Yotamu. Iye ankayang'anitsitsa nsapato zake.

Pamenepo munthu woona mtima akananena zoona. Ine ndinalandira tambala ndi manja awiri.

"Ndi njira yatsopano, bambo," ndinatero. "Si aliyense angaikwanitse."

Chiyambire pamenepo, wophunzira akakweza dzanja kuti ndalakwitsa, ndimasiya choko nkumumvetsera mpaka amalize. Akakhala kuti wanena zoona ndimakonza, kenaka ndimauza kalasi yonse kuti ndimafuna ndione ngati ali maso.