Usipa m'nyimbo ya Mulungu

Mpaka lero ndikamadutsa pa Benga ndimayenda chowerama, chifukwa azimayi a tomato akangondiona amayamba kuomba m'manja motsitsa. Ndikuuzani chomwe chinachitika, koma chonde zisawapeze apongozi anga.

Mwana wanga Tadala anabadwa wolira. Kuchipatala anati alibe vuto, koma ine osakhulupirira, kumangomugwira pachipumi, pamimba, kuyang'ana ngati liwombo likugunda. Tsiku lina ndikupeta mpunga, iye akulira kumsana, ndinangoyamba kuimba zobwera m'mutu: "Gona Tadala, Mulungu sagona, usipa wauma pathandala, atate ako ali ku nzimbe." Kamvekedwe kake kanali ka chioda, gule amene tinkavina kwathu ku Chia, ndiye chiuno chinkavomera chokha. Mwana zii, wagona!

Tsoka ilo, apongozi anamva. Iwo ndi amene amatsogolera kwaya ya amayi kumpingo kwathu, ndipo ine ndinali nditangolowamo kumene, ndikuima mzere wakumbuyo (kumene amaika oyamwitsa ndi osokoneza).

"Amake Tadala, nyimboyo ndi yabwino. Tikaimba imeneyo kumpikisano wa makwaya ku Dwangwa, ndipo mutsogolera ndinu. Koma musakandichititse manyazi, m'kwayamu ndinakulowetsani ndine."

Ndinangovomera.

Fomu ya mpikisano inali ndi mbali ziwiri zokha, zauzimu ndi zachikhalidwe. Apongozi anachonga zauzimu, ndipo nyimbo yanga inayamba kumetedwa.

"Usipa ukutani m'nyimbo ya Mulungu?" anafunsa tsiku loyamba. Usipa unachoka, panalowa mana akumwamba. Tsiku lachiwiri atate ake Tadala anachotsedwa ku nzimbe, tinaikapo Mose m'chipululu. Lachitatu a Nkhoma oimba kiyibodi anapukusa mutu. "Izitu ndi zapabwalo izi, amayi. Oweruza akatiponya kwa achikhalidwe." Anaichedwetsa mpaka inkayenda ngati galimoto ya maliro. Pomaliza anachotsa mwininyimbo. "Gona Tadala" inasanduka "Dzuka Ziyoni". (Ine ndinkangoti eya, eya. Mtengwa wadzulodzulo angatsutse ndani?)

Tsiku lake ndinabereka Tadala. Apongozi anati ndimusiyire munthu, ndinakana, chifuwa chinali chitavuta m'mudzi mwathu ndipo aliyense ankandionekera ngati akutsokomola. Holo yodzaza, oweruza atatu ali patebulo. Anandipatsa maiki, ndinatsegula pakamwa: "Dzukaaa Ziyoniii!"

Anadzuka ndi Tadala.

Analira, maiki n'kutola, holo yonse n'kumva. Ndinamugwedeza, ndinamusisita, ndikuimbabe za Mose, iye osazidziwa za Mosezo. Kenako kunabwera kulira kuja kumene ndimakuopa, kotsegula kamwa mawu osatuluka, mpweya osalowa. Abale anga, apo ndinaiwala oweruza, fomu, apongozi, zonse. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Gona Tadala, Mulungu sagona, usipa wauma pathandala!" Pamaiki. Ndi chiuno chomwe.

Amayi awiri a mzere wakumbuyo, akwathu ku Chia, anayamba kuomba m'manja. Mayi wina m'gulu la oonerera anamanga chitenje m'chiuno, wina n'kuliza nthungululu. A Nkhoma anayesa kutithamangira ndi kiyibodi yawo mpaka anangopinda manja. Apongozi anaima njo ngati mtengo wa magetsi (koma chala chawo chachikulu chakuphazi ndinachiona, chinkagunda pansi). Tisanamalize ndime yachiwiri, Tadala anali atapuma, kamutu kali pamsana panga, mkonono.

Woweruza wamagalasi anandikodola. "Mayi, pafomu mwalemba zauzimu. Izi tamvazi ndi ziti?"

"Ndi ya Tadala, bambo."

"Mbali imeneyo palibe pano."

Oweruzawo ananong'onezana nthawi yaitali. Kenako analengeza kuti kuzauzimu usipa wachuluka, kuzachikhalidwe sitinalembetse. Kwaya yathu inachotsedwa, mbuzi ya mphoto n'kupita ndi ena.

Tinakwera minibasi yobwerera. Titadutsa kuboma, apongozi anayankhula osandiyang'ana. "Kwaya muyambe mwapuma, amake Tadala, mpaka mwanayo ataleka kuyamwa." Ndinalira mobisa, yunifomu yanga ndinali nditaivala katatu kokha.

Sabata yatha ndikuchokera kumjigo ndinamva mawu kuseri kwa khitchini. Ndinasuzumira. Apongozi abereka Tadala, akuimba motsitsa, usipa uli momwemo, atate ake abwerera ku nzimbe, chiuno chikugwira ntchito bwinobwino kuposa changa. Atandiona anaima.

"Mukuyang'ana chiyani? Iyi si yakwaya."

Ndiye ndaphunzira kuti nyimbo ukaimba pafupi ndi anthu, amafuna adziwe kaye kwawo kwake. Pano Tadala akumera mano, ndipo ndapeka ina ya Yona ndi chinangwa choviika. Imeneyo ndimaimbira kumunda, ndikayang'ana kaye mbali zonse.