Zitenje za Thoko Pachingwe

Mukadzafika pa Ntcheu Boma n'kuuza wakabaza aliyense wa pa depoti kuti akuperekezeni kwa bambo uja ankatsekera mkazi wake m'nyumba, sadzakufunsani zambiri. Adzakutsitsani pakhomo panga. Dzinali ndinalipeza ndikadali mlendo pantchito yatsopano, ndipo ndinalipeza ndekha popanda wondithandiza, ndi mutu womwewu umene unadutsa ku koleji.

Mkazi wanga Thoko anamwalira dzinja lina, ukwati wathu ukadali wanthete. Za matendawo sindinena. Chimene ndinganene n'chakuti ku Blantyre, kumene tinkakhala, aliyense anasintha kayankhulidwe. Ndikalowa muofesi nthabwala zinkathera pakati. Mayi wogulitsa tomato ankandiwonjezera mulu wathunthu atapendeketsa mutu. Ngakhale kondakitala wa minibasi ya kwathu anasiya kundipanikiza. Ndinatopa nako kukhala namfedwa. Choncho nditapeza ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi a mpunga wamthirira kuno ku Ntcheu, ndinanyamuka ndi ganizo limodzi lomveka bwino: kumeneko ndikakhala mlangizi watsopano basi, palibe adzadziwe. (Mphete yokha ndinalephera kuvula. Ndinayesa ndi sopo yemwe, koma vuto silinali chala.)

Nyumba ndinaipeza kwa mayi Nangozo, amene amakhala m'nyumba yaikulu kutsogolo, ine kanyumba ka kuseri, bwalo limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Tsiku lofika anaimirira pambali pa lole akuyang'ana katundu mmodzimmodzi pamene ankatsika. Anandiuza poyera kuti mabatchala salola pakhomo pawo, chifukwa womaliza anali ndi alongo ambiri zedi, Loweruka lililonse mlongo wina, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofanana naye nkhope. Kenako anaona mapoto, lichero, mthiko, tinsalu toluka ta pamipando, n'kumalizira pa chala changa.

"Koma inu ndaona, ndinu a pabanja," anatero. "Amayi abwera pambuyo?"

Ndinagwedeza mutu movomera. Sindinatulutse liwu. Pa nthawiyo ndinkakhulupirira ndithu kuti khosi silinama, chonama ndi pakamwa.

Ntchito inayamba bwino, ndipo apa sindidzichepetsa. M'mawa ndinkakwera njinga yamoto kutsetserekera kuchigwa, kukayendera ngalande, kukangana ndi alimi za yemwe atsegule madzi liti, n'kubwerako ndili mbuu ndi fumbi. Anthu ankaseka ine ndili pomwepo. Mlimi wina anandinena kuti nsapato zanga n'zopitira ku ukwati osati kumunda, ndipo ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Abwana anga, bambo Kamwendo, anandiyamikira pamsonkhano. Anatchulanso mongodutsa kuti akazi awo amapemphera mpingo umodzi ndi mayi Nangozo, gulu limodzi la amayi. Ine ndinangoti n'zosangalatsa. (Munthu wanzeru akanayamba kulongedza katundu tsiku lomwelo.)

Zovala za Thoko abale ake anagawana maliro atatha, monga zimakhalira. Ine ndinasungako zitenje ziwiri ndi diresi imodzi ya buluu, zili pansi pa sutikesi. Loweruka lina m'nyengo yozizira ija, imene kuno mphepo yake imalowa mpaka m'mano, ndinatsegula sutikesi kufuna juzi, n'kumva kafungo ka nkhungu. Sindinaganize kawiri. Ndinazichapa bwinobwino n'kuziyanika pachingwe, pakati pa malaya anga ndi nsalu za patebulo za mayi Nangozo.

Ku Blantyre tinkakhala kumpanda, ndipo chingwe chinali chingwe. Kuno chingwe ndi wailesi. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva odi pakhomo. Mayi Nangozo anali atanyamula mbale yovundikira, nkhope ili ngwee, akundidzudzula kuti mlendo wafika ine osanena, ngati kuti pakhomopa palibe anthu. Anafuna kulowa kuti amulonjere.

Apa ndiye panali poimira. Ndikuvomera, mpata unalipo wonse. Koma ndinaona mmene mutu wawo ukanapendekekera, ndinamva kale mawu otsika aja, ndipo pakamwa panga panatsegula pokha.

"Wagona. Ulendo wamutopetsa."

Anatsitsa mawu kuti asamudzutse, n'kundipatsa mbaleyo. Munali futali wotentha, wa anthu awiri. Ndinadya yense. Kunena zoona, masabata amenewo ndinadya bwino kuposa nthawi ina iliyonse chichokereni kumanda, chifukwa mbale inkabwera pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nthawi zonse muyezo wake unali wa banja.

Vuto linali pobweza. Mbale ya mnzako ikabwera ndi chakudya subweza yopanda kanthu, umaikamo kanthu, ndipo kanthuko kamayenera kuchokera m'manja mwa mayi wa pakhomo. Ine kuphika kwanga kumathera pa mazira ndi tiyi. Koma ndine munthu wothetsa mavuto, ndiyo ntchito imene anandilembera. Poweruka ndinadzera pa depoti, ndinagula mandasi kwa mayi wina wa beseni lofiira, ndinawatenthetsa pang'ono m'chiwaya kuti azioneka ngati angochoka pamoto, n'kuwavundikira ndi kansalu. Mayi Nangozo analuma limodzi, anatafuna mofatsa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati amayi amathiramo khungu la ndimu. Ndinati eya, ndi luso la kwawo.

"Dzanja lawo ngati langa ndithu," anatero.

Ndinabwerera kuseri ndikudzitama. (Pa Boma ponse pano pali munthu mmodzi yekha amene amapalira khungu la ndimu m'mandasi. Amakazinga m'mamawa n'kupatsa mayi wa beseni lofiira kuti akamugulitsire pa depoti. Ine ndinali nditawagulira mandasi awo omwe, n'kuwabwezera m'mbale yawo yomwe.)

Kuyambira pamenepo mayi Nangozo anayamba kuphatikiza zimene ankaona. Mkazi alipo, poti zovala zake zili pachingwe. Saphika, poti mwamuna akugula mandasi n'kumanama. Satuluka, sabwera pampopi, sapita kumsika. Ndipo m'mawa uliwonse mwamunayo amatseka makatani onse, amakoka chitseko, n'kukhoma loko yaikulu kunja. Ine ndinkangoteteza katundu wanga monga aliyense wochokera m'tauni. Kuti nyumba izimveka ya anthu, ndinawonjezera nzeru ina, kusiya wailesi ikuyankhula ndikamachoka. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi Nangozo ankapita pazenera n'kumanong'oneza kuti, "Amayi, musaope, ndine mnzanu," n'kumayankhidwa ndi pulogalamu ya zaulimi. Madzulo ndinkapeza nthochi zitalowetsedwa pa zitsulo za zenera. Ndinkadya. Ndinkati anthu a ku Ntcheu ndi okoma mtima, ndipo pamenepo pokha sindinalakwitse.

Lachisanu lina bambo Kamwendo anandiitanira muofesi mwawo n'kutseka chitseko. Anayamba ndi za ngalande, anadzera ku mtengo wa feteleza, kenako anakhosomola. Anati ntchito yanga ilibe banga, koma bungwe lathu limayenda m'midzi kuphunzitsa alimi za kuipa kwa nkhanza za m'banja, ndiye sizingaoneke bwino mlangizi akamakhoma mkazi ngati mbuzi yoopa afisi. Anati iwo sakufuna kulowerera, koma akazi awo sakugona nayo nkhaniyi, ndipo akazi awo akapanda kugona iwonso sagona. Ndinawatsimikizira modekha, ndi mawu a kumsonkhano, kuti mkazi wanga ndi wamanyazi chabe ndipo zonse ndizikonza. Ndinatuluka ndili ndi pulani ina: Lolemba ndilengeza kuti wabwerera ku Blantyre kukasamalira mayi ake. Inali pulani yabwino. Inangochedwa ndi tsiku limodzi.

Lamulungu masana, mapemphero atatha, ndinamva mapazi ambiri pabwalo. Mayi Nangozo anali patsogolo, mayi Kamwendo pambuyo pawo, kenako amayi ena a gulu lawo, onse akadali m'zovala za kutchalitchi. Wina ananyamula mbatata ya kachewere, wina kabichi, wina nkhuku yomanga miyendo. Ndinatulutsa mipando yonse imene ndinali nayo, otsala anakhala pa khonde. Tinalonjerana mmodzimmodzi, mpaka moni anatha ndipo panalibenso pobisala.

"Tabwera kudzalonjera mlendo," anatero mayi Nangozo. "Ngati akudwala timuone. Ngati ali pachingwe timumasule. Koma sitichoka."

Ndinaganiza zonena kuti wapita kumsika, koma iwo anali atangodutsa kumsikako. Ndinaganiza za kusamba, koma bafa lili panja, chitseko chake chinali pululu. Nkhuku inandiyang'ana. Ndinalowa m'nyumba, ndinaimirira kanthawi pakati pa chipinda, kenako ndinatenga chithunzi cha Thoko chimene chimakhala pambali pa bedi. Ndinatuluka nacho n'kuchipereka kwa mayi Nangozo ndi manja awiri.

"Ndi ameneyu. Dzina lake Thoko. Anatisiya dzinja lapitali. Zitenje zija zinayamba nkhungu."

Mayi Nangozo anayang'ana chithunzicho, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, kenako anavula nsapato, anatsika pampando n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Enawo anachita chimodzimodzi. Mmodzi anayambitsa nyimbo motsitsa, ya pamaliro, ena n'kulandira. Ndinayesa kufotokoza kuti zonsezi zinachitika kale, mwambo wonse unatha ku Blantyre. Mayi Kamwendo anangoti iwo amva lero, ndiye kwa iwo maliro ndi a lero.

Nyimbo ya maliro sifunsa chilolezo kuti idutse mpanda. Anansi anayamba kufika. Abambo anakhala paokha pansi pa mtengo wa mapeyala, zipewa zili m'manja. Munthu wina wachangu, amene mpaka pano sindimudziwa, anathyola nthambi n'kukaziyala pamsewu, ndipo akabaza onse odutsa anayamba kutsika panjinga n'kumakankha mwaulemu. Pofika kumsika, nkhani inali itamveka motere: mkazi uja ankatsekeredwa uja wafera m'nyumba. Bambo Sumani a pagolosale anatseka shopu n'kubwera ndi shuga ndi masamba a tiyi, koma pondipatsa moni sanandiyang'ane kumaso. Kenako panatulukira galimoto ya ku ofesi. Bambo Kamwendo anatsika thukuta lili kamukamu kukuzizira chonchija, anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa bafa.

"Achimwene, ndinakuuzani Lachisanu lomweli. Mwachita chiyani?"

Akazi awo ndi amene anawalanditsa, kapena anandilanditsa ine. Anawanong'oneza mawu ochepa, ndipo abwana anga anakhala pa chitini cha madzi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka. Sindinafunse ngati kunali kulira.

Choncho ine, amene ndinathawa mzinda wonse kuti ndisamvenso mawu oti pepani, ndinakhala pa mphasa pakhomo panga ndikugwirana chanza ndi theka la Boma. Nkhuku inaphedwa. Kabichi anaphikidwa m'mapoto a Thoko, amene anali asanaone moto chifikireni kuno.

Anthu atayamba kuchepa, mayi Nangozo anasendera pafupi, chithunzi chikadali pamiyendo pawo. Mutu sanapendeketse. Anangofunsa kuti, "Anali munthu wotani?"

Ku Blantyre palibe anandifunsapo zimenezo, poti onse ankamudziwa. Ndinawauza kuti ankaphunzitsa ana a sitandade wanu ndipo ankabwera kunyumba ndi choko m'tsitsi. Kuti ankayimba mokweza nyimbo zimene mawu ake sankawadziwa. Kuti mandasi ake ankalimba moti tsiku lina tinakhomera nawo msomali wa kalendala, ndipo kuti akanamva zimene ndachita ku Ntcheu akanaseka mpaka kukhala pansi. Mayi Nangozo anaseka, amayi enawo anaseka, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndikuseka, ngakhale kuti nkhope yanga inkachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndinayankhula mpaka tiyi anazizira.

Pomaliza ndinafunsa za nyumba, poti lamulo lawo ndinkalidziwa. Anati batchala ndi munthu amene alibe chochapa koma zake zokha, ndiye ine ndikhale. Anawonjezera kuti mbale yawo ndizibweza yopanda kanthu, mandasi awo amawadziwa, ndipo akatuluka pakhomo safuna kuwaonanso.

Lolemba ndinapita kuchigwa ndikuyembekezera mawu otsika. Mlimi wa nsapato uja anandigwira dzanja, anati pepani kamodzi, kenako anafunsa ngati ndakumbukira kumusiyira wailesi mayi wa kunyumba. Nkhani inali itatsika phiri ine ndisanalize njinga.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kunena zoona msanga. Mwina pang'ono. Chimene ndinaphunzira chenicheni n'chakuti chitenje umayanika chotembenuza kuti dzuwa lisachifwifwitse. Mayi Nangozo amandikumbutsa nthawi iliyonse ndikachapa za Thoko, ndipo ndikapita kuntchito mitambo n'kuda, amazianula okha, n'kuzipinda bwino kuposa ine. Mbale imabwerabe. Muyezo wake sanachepetse, ndipo ine sindinanenepo kanthu.