Asilikali Osamanga Ramadani

Mpaka lero pakomboni yathu ku Tengwe amanditcha Msilikali. Mfuti sindinaigwirepo. Chinandipatsa dzinali ndi njere imodzi ya mtedza.

Unali mwezi wa Ramadani, tonse tikumanga, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa, ine nditabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ku Chinhoyi. Amalume anga, Che Saidi, anali atabayidwa ndi waya m'shedi ya fodya, chala chikutuluka mafinya.

"Iwe wasukulu, zoyerazi n'chiyani?"

Ndikanangoti sindikudziwa. Koma chibadwire amalume anali asanandifunsepo nzeru, ndiye ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinati amenewo ndi asilikali a m'magazi ofera kunkhondo. Thupi limamata timapuloteni pa kachilombo, ngati tikiti pa belo la fodya. Msilikali ali ndi tingowe pakhungu pake tokola tikitiyo. Tikakola, timaulusi tam'kati timakankha khungulo, limakuta kachilombo n'kutseka ngati zipi. Basi, wameza. Asidi amamalizitsa.

"Wameza?" anatero amalume. "Masana ano?"

"Inde, amalume. Sapuma."

(Apa wanzeru akanatsokomola n'kuchokapo.)

"Maiwe! Masiku makumi awiri ndauma kukhosi ine, anthu akudya m'chala mwanga? Ndiye kumanga kwanga konse kwapita m'madzi?"

Anandikoka dzanja mpaka kwa a shehe, amene tinawapeza pakhonde akusenda mtedza womasulira kumanga madzulo. Amalume anapereka mlandu wonse, chala chili m'mwamba ngati mboni.

"Fotokoza, mwanangu," anatero a shehe.

Ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

"Ngati pakamwa pakana, tisonyeze."

Ndinatola njere imodzi m'mbale ya mtedzawo. "Aka ndi kachilombo. Milomo yangayi ndi khungu la msilikali. Imagwira chonchi, imakuta chonchi, imatseka..."

Ndinatafuna. Ndinameza. Aphunzitsi athu amati chitsanzo chizifika kumapeto, ndipo changa chinafika mpaka pa asidi, dzuwa lili pamutu.

Kenako a shehe anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Che Saidi, kumanga kwanu kuli bwinobwino, palibe chadutsa pakhosi panu. Asilikaliwo sanalamulidwe kumanga. Mwanayunso wadya moiwala, n'zokhululukidwa. Koma chotsani mbaleyi asanatibwerezere phunziro."

Pobwerera amalume ankauza aliyense amene takumana naye, n'kumandiuza kuti ndisonyezenso milomo.

Tchuthi chathachi anandiitananso, anzawo atakhala pabenchi, kuti ndifotokoze mmene impso zimagwirira ntchito, ndi chitsanzo chomwe.

Ndinati kusukulu mutu umenewo sitinafikepo.